Liwu Losatopa ndi Dzanja Loliletsa



Chida chilichonse choimbira chimene makolo athu ankachidziwa chinali ndi liwu lokhala ndi imfa yake. Ng'oma ukaimenya imalira, kenaka kulirako kumazilala. Nsambo ya bangwe ukaigunda imanjenjemera kanthawi nkukhala chete. Chitoliro chimalira malinga ndi mpweya umene uli m'chifuwa cha mwini wake, ndipo kaligo amalira kufikira pamene uta wathera. Woimba wakale sankavutika kuganiza za mmene angaletsere liwu, pakuti linkadziletsa lokha. Nkhawa yake inali ya kulidzutsanso.

Magetsi adaitembenuza nkhaniyi. Mtima wa zida zoyamba zoimbira zamagetsi unali kachipangizo kogwedeza magetsi mobwerezabwereza, ndipo kugwedezekako kukafika ku sipika munthu amamva liwu. Kukachitika maulendo 440 pa sekondi imodzi, timamva noti ija ya A imene oimba amachunira zida zawo. Kachipangizoka kalibe mapapo, kalibenso mkono wochita dzanzi. Malinga ngati magetsi alipo, kadzalira noti yomweyo lero, mawa ndi mkuja. Choncho amisiri oyamba adakumana ndi vuto limene wosema ng'oma sadalionepo: kutulutsa liwu kunali kosavuta, koma kuliphunzitsa kuyamba bwino, kufewa ndi kuleka kudawatengera zaka makumimakumi. Ndikufuna tiyende nawo pang'ono amisiriwa, chifukwa nkhani yawo ikukhudza lamulo limene limatikanganitsa chaka ndi chaka. Malangizo a buku la Misa, pa ndime 313, amati m'nyengo ya Lenti limba ndi zida zina ziziimbidwa pongochirikiza mawu a anthu, kupatula Lamulungu lachinayi la Lenti ndi masiku a zikondwerero za Mpingo. Funso langa ndi ili: chida chikakhala chosatopa, ndani ali ndi udindo wochiletsa, ndipo pa chifukwa chanji?

Woyamba kuyesa mwamphamvu anali Thaddeus Cahill wa ku America, amene adalandira chiphaso cha boma choteteza luso lake mu 1897. Chida chake, Telharmonium, chinali chirombo cha makina. Chachiwiri chimene adamanga ku Holyoke, m'chigawo cha Massachusetts, chinkalemera matani pafupifupi 200, ndipo mu 1906 adachinyamula pa sitima ya pamtunda kupita nacho ku New York. Nthawi imeneyo kunalibe chokuzira mawu, choncho liwu linkachokera m'majenereta aakulu ozungulira m'chipinda cha pansi pa nyumba ina ya mu msewu wa Broadway. Nyimbo zinkayenda m'mawaya a lamya kupita ku mahotela, ku malo odyera ndi ku nyumba za olembetsa, ndipo mlembi Mark Twain anali mmodzi mwa iwo. Loto la Cahill linali lakuti nyimbo zizifika m'nyumba monga madzi a m'mpopi. Koma magetsi ake anali amphamvu moti ankadumphira m'mawaya oyandikana, ndipo anthu okambirana za malonda pa lamya ankangomva nyimbo zikulowerera, zimene sadaziitane. Kampaniyo idagwa pofika 1914, ndipo palibe ngakhale chimbale chimodzi chosunga liwu la Telharmonium.

Lev Termen, amene kunja kwa Russia amamutcha Leon Theremin, anali wasayansi komanso woimba cello, chida chonga vayolini yaikulu. Mu 1920 ku Petrograd, akukonza chipangizo choyezera mipweya, adaona kuti kulira kwa chipangizocho kunkasintha iye akayandikitsa dzanja. Umu ndi mmene idabadwira theremin, chida choimbidwa popanda kuchikhudza. Pamwamba pake pali kandodo kachitsulo koima, ndipo m'mbali muli chitsulo china chopindika. Dzanja lamanja likayandikira kandodoko, noti imakwera. Lamanzere likatsikira pa chopindikacho, liwu limachepa mpaka kuzima. Taonani bwino dongosolo limeneli: woimba akangochotsa dzanja lamanzere, chidacho chimalira chokha. Bata ndilo limafuna ntchito. Munthu ayenera kuima nji, dzanja lili pa chitsulo, kuti m'nyumbamo mukhale zii.

Kampani ya RCA idayamba kugulitsa theremin mu 1929, ikulengeza kuti aliyense angathe kuiimba mosavuta. Ogula ambiri adangotulutsa kulira konga kwa mphepo ya m'mphako. Amene adaisandutsa chida chenicheni anali Clara Rockmore, wobadwira ku Vilnius mu 1911, mwana waluso pa vayolini amene adaisiya chifukwa cha vuto la mkono. Iye adapeza njira yosunthira zala m'malere kuti noti zisamatsetserekane, ndipo chimodzi mwa zimene adapempha Termen chinali chakuti mbali yoletsa liwu izimva msanga, kuti pakati pa noti ndi inzake pazikhala kampata. Termen mwini adabwerera ku Soviet Union mu 1938, adamangidwa, ndipo ali m'ndende ya akatswiri adapanga kachipangizo komvetsera mobisa kamene kadaikidwa m'mphatso yoperekedwa kwa kazembe wa America ku Moscow mu 1945. Nzeru yomwe idaimba ija idakhalanso kazitape, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ku France, Maurice Martenot, nayenso woimba cello, adagwira ntchito ya wailesi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo kumeneko adachita chidwi ndi kuyera kwa liwu lotuluka m'mababu a wailesi. Mu 1928 adaonetsa ku Paris chida chake, ondes Martenot. Dzanja lamanja limasankha noti, pa makiyi kapena pokoka mphete yomangidwa ku kachingwe. Koma ngakhale udinde kiyi mwamphamvu chotani, palibe chimene chimamveka kufikira chala cha kumanzere chitatsindika kabatani kamodzi kokhala m'kabati kakang'ono pambali. Ukakatsindika pang'ono liwu limanong'ona, ukakakanikiza limabangula, ukakasiya limafa. Martenot adabwezera m'makina chimene uta umachita pa nsambo ndi chimene chifuwa chimachita pa nyimbo. Kwa Termen dzanja limagwira bata, kwa Martenot dzanja limagwira liwu, koma onse awiri adaona kuti popanda dzanja pali phokoso chabe.

Pano tiime pang'ono, pakuti apa nkhaniyi ikulowa m'tchalitchi. Olivier Messiaen, Mkatolika wa chikhulupiriro chozama, adakhala woimba limba pa tchalitchi cha La Trinité ku Paris kuyambira 1931 kwa zaka zoposa 60. Mu 1937, pa chionetsero chachikulu cha mayiko mumzindawo, adapeka nyimbo ya ma ondes Martenot asanu ndi imodzi, Fête des belles eaux, yoti izimveka usiku m'mbali mwa mtsinje wa Seine pamene akasupe a madzi akuthuvuka m'kuwala kwa magetsi. M'kati mwake muli chigawo chodekha kwambiri, mzere umodzi wautali wa nyimbo umene umayenda ngati sukufuna kufika. Pa chida chamagetsi mzere wotere ungatalike mmene wopeka afunira.

Mu 1940 Messiaen adagwidwa ndi asilikali a Germany nakatsekeredwa ku msasa wa akaidi a nkhondo wa Stalag VIII-A ku Görlitz. Kumeneko adapeka Quatuor pour la fin du Temps, nyimbo ya zida zinayi yonena za kutha kwa nthawi, ndipo adaiimba ndi akaidi anzake atatu pa 15 Januwale 1941, m'kati mwa chisanu choopsa, pamaso pa akaidi ndi alonda awo. Chigawo chachisanu cha nyimboyo ndi chotamanda umuyaya wa Yesu, ndipo mzere wake ndi uja wa m'mbali mwa Seine. Tsopano adaupereka kwa Étienne Pasquier ndi cello yake. Uta wa cello ndi waufupi, sufika mita imodzi. Kuti noti italike, woimba ayenera kuukoka mosamala ngati mayi wogawa ufa wotsala m'nyengo ya njala, ndipo ukafika kumapeto ayenera kuutembenuza mochenjera kuti womvera asamve msoko.

Tili ndi nyimbo imodzi m'matupi awiri. Kodi ndi thupi liti limene limanena bwino za umuyaya? Woyankha mofulumira angati lamagetsi, popeza silitha. Ine ndimaona kuti la cello limalasa mtima koposa, chifukwa womvera amadziwa kuti uta ukutha, ndipo amamva munthu wokhala ndi malire akukangamira chinthu chopanda malire. Komabe ndisamuike Messiaen mawu m'kamwa. Iye sadataye ondes Martenot. Adaiikanso mu Trois petites liturgies de la présence divine, imene idamveka koyamba mu 1945, ndiponso mu sewero lake loimba la Saint François d'Assise la mu 1983. Kwa iye magetsi sadali chodetsa. Ndipo tikumbukire kuti chida cha Martenot chinali nawo malire ake, oikidwa dala: chala cha woimba pa kabatani kaja.

Chida chamagetsi chimene chidalowa m'matchalitchi ambirimbiri chidachokera kwa mmisiri wa mawotchi. Laurens Hammond wa ku Chicago adatenga injini ya wotchi yake yamagetsi, imene inkazungulira pa liwiro losasintha, naipatsa ntchito yozungulitsa timagudumu tachitsulo 91, ana ang'onoang'ono a majenereta a Cahill aja. Limba la Hammond lidatuluka mu 1935, lotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi limba la mapaipi. Padabuka dandaulo lakuti kampaniyo ikunamiza anthu, ndipo mu 1937 bungwe la boma la Federal Trade Commission lidachititsa mayeso m'tchalitchi cha Rockefeller pa yunivesite ya Chicago. Omvera, ena akatswiri ena ophunzira wamba, ankayenera kunena ngati akumva mapaipi kapena magetsi, ndipo adaphonya kangapo konse. Chaka chotsatira bungwelo lidalamula Hammond kusiya zina mwa zodzitama zake, koma matchalitchi osauka adapitiriza kugula.

Mayesowo adafunsa funso laling'ono, lakuti kodi khutu lingapusitsidwe. Lingapusitsidwe ndithu, ndipo yankho limenelo silitiuza kanthu za pemphero. Chondiphunzitsa ine ndi zimene oimba adachita nacho chidacho. Makiyi a Hammond ankamveka kakuti "tcha" pa chiyambi cha noti iliyonse, ndipo mwini wake ankakayesa chilema choyenera kuchotsedwa. Oimba a jazz ndi a m'matchalitchi a anthu akuda a ku America adakakonda, chifukwa kankapatsa noti chiyambi chomveka, monga limachitira lilime pa mawu. Adakondanso sipika yozungulira ya Don Leslie, imene inkanjenjemeretsa liwu ngati la munthu, ngakhale Hammond ankadana nayo. Mmisiri ankafuna liwu losalala, oimba ankafuna lokhala ndi thupi.

Tisaiwale kuti nalonso limba la mapaipi liwu lake silitha lokha. Kale linkadalira munthu wobisika kumbuyo, wopopa mivukuto thukuta lili kamukamu, ndipo akuluakulu mwa ife akukumbukira timalimba topopa ndi mapazi ta m'mamishoni. Injini yamagetsi itachotsa wopopayo palibe adakhuza maliro, ndipo kunali koyenera, pakuti kutopa kwa wantchito wosaonekayo sikudali chiyero cha nyimbo.

Mpingo udayankha mwanzeru yoposa ya mayeso a ku Chicago. Malangizo a ku Roma a pa 3 Seputembala 1958 adalola limba lamagetsi mongoyembekezera, kumene kulibe ndalama zogulira la mapaipi, bishopu atavomereza. Koma malangizo omwewo adakaniratu pa mwambo wa chipembedzo zida zodziimba zokha, galamafoni, wailesi ndi matepi. Malire adadulidwa pakati pa chida chimene munthu akuimba ndi chida chimene chikuimba m'malo mwa munthu. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, mu 1963, udalemekeza limba la mapaipi nutsegulanso khomo kwa zida zina ndi kwa nyimbo za mitundu ya anthu. Ng'oma ndi visekese zathu zidalowera pa khomo lomwelo, ndipo kiyibodi idatsatira pambuyo.

Tisanafike pa kiyibodiyo, patsala mmisiri mmodzi. Robert Moog, amene adayamba ntchito yake popanga ndi kugulitsa ma theremin, adakumana ndi vuto lakale lija mu 1964 pomanga synthesizer yake yoyamba pamodzi ndi wopeka nyimbo Herbert Deutsch. Noti zinkangoyaka ndi kuzima ngati getsi. Moog adalumikiza batani la belu la pakhomo ndi kachipangizo kosunga magetsi nkumawatulutsa pang'onopang'ono, kuti noti ikhale ndi kubadwa ndi kuzilala. Pambuyo pake, pa pempho la Vladimir Ussachevsky wa pa yunivesite ya Columbia, moyo wa noti udagawidwa m'magawo anayi: kuyamba, kutsika, kukhazikika ndi kutsirizika. Synthesizer pafupifupi iliyonse mpaka lero ili ndi zosinthira zinayizi. Ndiko kuti patatha zaka pafupifupi 70 chiyambire Cahill, chimodzi mwa zopambana zazikulu za amisiri chinali kuphunzitsa makina kufa ngati ng'oma. Wendy Carlos atatulutsa chimbale cha Switched-On Bach mu 1968, ambiri adayesa kuti makina achotsa thukuta m'nyimbo. Koma chida chake chinkaimba noti imodzi pa nthawi, ndipo mizere ya Bach idajambulidwa umodziumodzi pa tepi kwa miyezi.

Kiyibodi ya kwaya, kaya ya Yamaha kaya ya Casio, ndi mdzukulu wa zida zonsezi, koma ili ndi chinthu chimene Martenot sadachiike m'chida chake: batani limene ukalidinda limatulutsa ng'oma, besi ndi magitala, zonse pa liwiro limodzi, kufikira wina atalizimitsa. Batani limeneli ndi mbale weniweni wa zida zodziimba zokha zija za mu 1958, ngakhale likhala pansi pa denga limodzi ndi makiyi ofuna zala. Woimba ng'oma wamoyo amamvetsera. Akaona kuti amayi achikulire a alto mpweya wawathera pa mzere wautali, amachedwetsa dzanja pang'ono osauzidwa. Bambo mfumu akatsiriza msanga pa guwa, iye amadziwa potsekera. Batani silimva. Kwaya yoimba nalo imasiya kumvetserana nkuyamba kuthamangitsa makina, ndipo wotsala m'mbuyo amakhala wofooka.

Pamene ng'oma inkatopetsa mkono, kuleka kudali chilengedwe chabe, kopanda ukoma kapena mlandu. Pamene chida sichitopa, kuleka kumasanduka chosankha, ndipo wosankha ndiye amayankha. Nchimodzimodzi ndi kusala. Kumudzi Lenti imagwa m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zitapepuka, chimanga chisanache. Wogona ndi njala nthawi imeneyo akuvutika, ndipo tisamamunamize kuti njala yake ndi mwambo wa Mpingo. Kuno kunja, kumene sitolo zimakhala zodzaza chaka chonse ndipo nyimbo zimatuluka m'foni usana ndi usiku monga adalotera Cahill, chotiletsa chochokera kunja nchochepa. Ngati m'moyo wathu muti mukhale kampata kaja kamene Rockmore adapempha, dzanja lokapanga ndi lathu lomwe.

Mfumu Davide atapatsidwa kwaulere dwale la Arauna ndi ng'ombe zake kuti apereke nsembe, adakana naumirira kulipira. Ena amatenga nkhaniyi kunena kuti nyimbo yotopetsa ndiyo yoyera, choncho chida chosatopetsa sichiyenera pa guwa. Ine sindiiwerenga motero, ndipo wopopa mivukuto uja ndiye mboni yanga. Mulungu sasowa thukuta lathu. Chimene Davide adakana ndi kupereka chinthu chimene iye mwini mulibemo. Choncho woimba kiyibodi tingamufunse funso lomwe tingafunse woimba ng'oma kapena wa soprano: kodi alimo m'liwu limene likutulukalo? Khutu lake lili pa kwaya? Dzanja lake lingathe kuleka pamene nyimbo ikufuna bata?

Ndikudziwa chimene ena mwa inu anganene, ndipo nchomveka. Kwathu kwaya inkadzaza mabenchi. Kuno tili ochepa, ena ali ku ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ena shifiti yawo imagwa Lamulungu, ndipo wodziwa ng'oma nthawi zambiri amakhala atasamukira mzinda wina. Batani lija limadzaza malo a anthu amene palibe. Likazima timamva kuchepa kwathu, ndipo kumapweteka: nyimbo imene timaikumbukira ikugwedeza malata imamveka yowonda, ndipo ana athu obadwira kuno amaimva ili choncho nkumadabwa kuti timaikondera chiyani. Wonyamula kiyibodi m'basi sabata ndi sabata sayenera kunyozedwa ndi ife ongofika nkukhala pa benchi. Pa Pasaka ndi pa ukwati ndidzakhala mmodzi mwa oyamba kugwedeza mapewa. Koma ndikukayika ngati nkwabwino kuti chaka chonse chithe osamvako kuchepa kwathu. Kwaya yosamva mpata wa amene palibe siidzapita kukawafuna, ndipo siidzavutika kuphunzitsa mwana kumenya ng'oma kapena kugwedeza chisekese.

Masiku atatu oyera ndiwo amafikitsa lamuloli pa mapeto ake. Lachinayi Loyera madzulo, pa nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, mabelu amalira, kenaka amakhala chete kufikira nyimbo yomweyo usiku wa Pasaka, ndipo pakati pamenepo limba ndi zida zina zimaloledwa pongochirikiza mawu. Ntchito ya woimba kiyibodi siichepa m'masiku amenewa. Ayenera kusankha liwu limodzi lofewa, kupereka noti yoyamba, kutsata mpweya wa oimba, ndi kuzindikira ndime imene kwaya ingayende yokha kuti iye anyamule manja. Nthawi zina tidzatsika theka la noti tisanafike ku ndime yachitatu, ndipo pamenepo ayenera kuganiza msanga ngati atikweze ndi chida kapena atsike nafe. Pokonzekera Lachisanu Loyera ndikupempha kuti pa maphunziro a kwaya tiziyamba taimba nyimbo iliyonse kamodzi popanda chida, aliyense khutu lili kwa woyandikana naye, kuti tidziwiretu mizere imene mpweya umatithera ndi kugawana popumira.